Lamulo la madzi lilipo, nanga bwanji Bua ukukwiririka?

Kodi lamuloli likuti chiyani?

Lamulo la madzi la 2013 linakhazikitsa bungwe la National Water Resources Authority, lomwe limapereka ziphaso. Wofuna kukumba mjigo, kumanga damu kapena kupopa madzi ambiri mumtsinje ayenera kupeza chilolezo kaye. Mayi wotunga madzi ndi ndowa kuti aphikire kapena kuchapira safunika chiphaso ayi.

Nanga bwanji anthu akulimabe mpaka m'gombe?

Apa ndiye pagona nkhani. Mtsinje wa Bua umayambira kuno ku Mchinji, n'kudutsa ku Kasungu mpaka kukathira m'nyanja ku Nkhotakota, ndipo m'mbali mwake muli madimba okhaokha. Dimba ndilo limapulumutsa banja chimanga chikatha m'nkhokwe: mondokwa, tomato, mpiru wogulitsa pamsika. Alangizi a zaulimi amatiuza kuti tilime mothirira, a zamadzi amati tisiye mpata kuchokera pamtsinje. Onse ndi a boma limodzi. Mlimi amamvera amene uthenga wake ukubweretsa nsima. Ndipo madimbawo amagawa ndi amfumu. Kodi angalande dimba la mphwawo? Ine sindiimba mlandu mlimi wotere. Koma dothi lomwe akugawula m'gombelo ndi lomwe limakadzaza mtsinje, ngakhale madamu ngati la Chitete, lomwe a Central Region Water Board amapopamo madzi a m'tauni ya Kasungu.

Fodya akukhudzana bwanji ndi madzi?

Fodya wa fuluu amadya nkhuni, wa bale amafuna mitengo ya zigafa. Mitengo ikatha kumtunda, madzi a mvula salowa pansi, amangothamanga ndi nthaka, ndipo zitsime zimaphwa msanga chilimwe chikafika.

Mjigo ukawonongeka, akonze ndani?

Komiti ya pamjigo, ndi ndalama zomwe mabanja amasonkha. Vuto n'lakuti mjigo ukamatulutsa madzi bwino anthu amaleka kusonkha. Tsiku limene labala ya mu pampu ya mjigo ya mtundu wa Afridev yatha, thumba limapezeka lopanda kanthu, amayi n'kubwerera kudambo.

Oyang'anira lamuloli ali kuti?

Alipo, koma ndi ochepa, ndipo Kasungu ndi boma lalikulu. Wogwira ntchito wopanda mafuta a njinga yamoto sangadziwe kuti kampani yakumba mjigo pafupi ndi chimbudzi. Amamva mjigowo utatha kale kukumbidwa, anthu akumwa.