Hatchi yaing'ono ikachoka pa kapinga kupita pa dothi, timayang'ana chani?

Eni mahatchi amakonda kundifunsa funso limodzi ili: kahatchi kangaka kathamanga kawiri pa kapinga, nanga tikakayika pa dothi kachita bwanji? Ndipo ambiri akamafunsa amakhala atagwira kale pepala la mtundu wake m'manja, bambo wake ndi uyu, mayi wake ndi uyu, ngati yankho lonse lili pamenepo. Pepalalo ndimawerenga ndithu, koma sindiyambira pamenepo ayi.

Kwa inu amene simutsatira kwambiri za mijaha ya mahatchi, mabwalo ake alipo amitundu itatu. Pali a kapinga, amene ndi ambiri ku Ulaya ndi ku Australia. Pali a dothi, lomwe kwenikweni ndi mchenga wosakaniza ndi dongo pang'ono, ndiwo otchuka ku America. Nde pali ochita kupanga, monga Polytrack ndi Tapeta, amasakaniza mchenga, ulusi ndi tizidutswa ta labala nkuzikuta ndi phula kuti mvula isamavutitse. Diso la munthu limangoona kuti pansi pasintha basi, koma kwa hatchi ya zaka 2 kapena 3 chasintha ndi masewera onse.

Choyamba ndi kathamangidwe. Pa dothi geti yoyambira mpikisano ikangotseguka aliyense amatuluka ndi moto kulimbirana kutsogolo, ndipo kumapeto onse amakhala akutopa, wopambana nthawi zambiri ndi amene akuchedwa kutopa kuposa anzake. Pa kapinga zimakhala zosiyana, ma jockey, okwera mahatchiwo, amasunga mphamvu, gulu limayenda mothinana, kenako chakumapeto nkumasula liwiro lonse kamodzi. Nde ndikamaonera vidiyo ya hatchi yaing'ono ndimabwereza kangapo masitepe oyambirira okhawo. Imatuluka bwanji mu geti? Imafika yokha kutsogolo kapena mpaka jockey aikankhe? Hatchi yozolowera kuyamba mwaulesi nkudalira kathamangidwe ka kumapeto, pa dothi imapezeka yatsalira kumbuyo, ndipo kumbuyoko ndi kumene kuli vuto lenileni.

Vutolo anthu a mahatchi amalitcha kickback, ndiye kuti dothi limene ziboda za mahatchi akutsogolo zimaponyera kumbuyo. Musaganize kuti ndi kafumbi chabe. Limamenya kumaso, m'maso, m'mphuno, pachifuwa, moti ma jockey amavala magalasi angapo osanjikiza nkumatsitsa limodzilimodzi likadetsedwa, ndiye taganizani kahatchi koti chibadwire sikanalawepo zimenezi. Ena amakweza mutu m'mwamba, ena amafupikitsa sitepe, ena amangosiya kulimbana ngakhale mphamvu zilipo. Ine apa mpamene ndimaona kuti nkhani yagona, pa mtima wa hatchiyo, ndipo mtima sulembedwa pa pepala lija.

Taonani za hatchi yotchedwa Mendelssohn. Mu 2017 ali ndi zaka 2 anapambana Breeders' Cup Juvenile Turf pa kapinga. Mu 2018 anamuyika pa dothi ku Meydan, Dubai, mu UAE Derby ndipo anasiya anzake ndi utali wa mahatchi 18 ndi theka. Anthu anati basi, uyu ndi wa dothi. Koma tsiku limenelo anatsogola yekha, palibe amene ankamuponyera kanthu kumaso. Atafika ku Kentucky Derby ku Churchill Downs, kunali mvula bwalo lili matope okhaokha, anagundidwa potuluka mu geti, anapezeka ali pakati pa gulu la mahatchi 20 ndipo anamaliza ali wotsiriza. Sindikunena kuti kickback yokha ndiyo inamugwetsa, kugundidwa kuja kunalinso kwakukulu, koma mpikisano wa ku Dubai uja sunayankhe funso limene anthu ankaganiza kuti wayankha.

Tsono za mtundu. Zoona, magazi amanena kanthu, mabanja ena ana awo amakonda kapinga mobwerezabwereza, ena dothi, ndipo hatchi ikakhala kuti sinathamangepo mpang'ono pomwe ndi pomwe timagwira chifukwa palibenso china. Ndimayang'ana kwambiri mbali ya mayi, abale ake obadwa mimba imodzi anachita bwanji, chifukwa bambo mmodzi amabereka ana mazanamazana ndi akazi osiyanasiyana. Koma hatchi yotchedwa City of Troy bambo wake ndi Justify, amene anatenga Triple Crown, mipikisano itatu ikuluikulu ya ku America, pa dothi mu 2018. Mwanayo anapambana Derby ya ku Epsom mu 2024 pa kapinga, anamukonzekeretsa mosamala mpaka kukamuyesa ku Southwell pa Tapeta ndi mageti achimereka, koma mu Breeders' Cup Classic ku Del Mar sanatuluke bwino mu geti ndipo anathera pa nambala 8. Pomwe Animal Kingdom, bambo wake Leroidesanimaux wobadwira ku Brazil anali wa kapinga, mayi wake Dalicia wa ku Germany nayenso wa kapinga, anapambana Kentucky Derby ya 2011 ulendo wake woyamba kupikisana pa dothi. Chimene mphunzitsi wake Graham Motion anali nacho m'manja chinali choti anamuthamangitsa pa dothi lomwelo la Churchill Downs masiku angapo mpikisano usanafike, ndipo hatchiyo inayenda bwino kwambiri.

Thupi nalo ndimaliona, ngakhale sindilikhulupirira kwambiri ngati mmene akuluakulu ena a ntchitoyi amachitira. Amati ziboda zazikulu zophwatalala zimakonda kapinga, ndipo hatchi yokweza mawondo pothamanga imafuna pansi pofewa, pomwe yoyenda chokwakwaza miyendo pafupi ndi nthaka imafuna pouma. Nthawi zina zimagwirizana. Chomwe ndimasamala kwambiri ndi matako ndi ntchafu zakumbuyo, chifukwa dothi limagumuka chiboda chikamakankha, nde hatchi yopanda mphamvu kumbuyo imaoneka ngati ikupalasa pamalo amodzi. Mukamaonera muziona ngati sitepe yake yafupika poyerekeza ndi mmene imatambasukira pa kapinga, komanso makutu, akagona chagada mutu uli m'mwamba ndiye kuti sikusangalala.

Mabwalo ochita kupanga aja amasokoneza anthu ambiri chifukwa amaoneka ngati dothi, koma mahatchi a kapinga ndi amene amasamukirapo mosavuta. Kickback ndi yochepa, ndipo mpikisano umatha ndi liwiro la kumapeto ngati pa kapinga. Mu 2008 Breeders' Cup Classic itachitikira pa bwalo lotere ku Santa Anita, woyamba anali Raven's Pass, wachiwiri Henrythenavigator, onse ochokera ku Ulaya ozolowera kapinga. Choncho kuchita bwino pa Polytrack kapena Tapeta si umboni woti hatchi ikonda dothi.

China chomwe chimandikhudza kwambiri ndi mafupa. Hatchi ya zaka 2 mafupa ake akukulabe ndipo amazolowera pansi pomwe ikuphunzirira. Mukaisamutsa lero nkuithamangitsa liwiro lonse mawa, misongolo yakutsogolo imatupa nkumapweteka, ndipo kahatchi koti kamva ululu pa bwalo latsopano kamayamba kuliopa. Nde mwini akaumirira kuti tiyese dothi, ndimapempha masabata angapo. Tiyambe pang'onopang'ono, kenako tikathamangitse kumbuyo kwa mahatchi awiri kapena atatu mwadala kuti dothi likamenye kumaso, ine ndili pambali kuona ngati katsitsa mutu nkulowa pakati pawo kapena kayamba kuthawira kunja. Tikabwerera m'khola ndimagwira miyendo yonse inayi kumva ngati yatentha, ndipo m'mawa mwake ndimaona kaye ngati kamaliza chakudya chake tisanakambe zolembetsa mpikisano.