Kuseri kwa gemu iliyonse kuli munthu amene anakhalapo mwana

Mayi wina wa ku Mufakose, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, anafika ku laibulale ya sukulu yathu atagwira mwana wake wa Giredi 6 padzanja ngati akupita naye kuchipatala. "Aphunzitsi, ndithandizeni. Mwanayu ndi foni basi. Akangoweruka, magemu. Magetsi akazima, ndiye kulira kuti batire yatha." Mnyamatayo anangoti zyoli, chala chake chachikulu chikuyendabe pathumba la kabudula ngati pali mabatani.

Ndinamufunsa kuti gemu imene amaikonda anaipanga ndani. Anandiyang'ana modabwa. Anali asanaganizepo kuti Mario, kamunthu ka mu gemu ya Super Mario Bros., ali ndi mwini wake, munthu wobadwa kwa mayi ngati iye.

Funso limeneli ndi limene ndimayambira nthawi zonse. Mwana wa zaka 9 mpaka 12 wokonda magemu wazolowera chinthu chimodzi chamtengo wapatali: kugwa, kudzuka, kugwanso, mpaka levo itadutsika. Buku labwino la mbiri ya moyo wa munthu limayendanso choncho. N'chifukwa chake mwana wotere sindimupatsa buku la munthu amene tsamba loyamba ndi wotchuka kale. Ndimafuna limene lachedwa pa ubwana wa munthuyo, pamene ankapanga zinthu ndi manja ake n'kumalephera.

Tengani Shigeru Miyamoto wa ku Japan, amene anabadwa mu 1952 m'tauni yaing'ono ya Sonobe. Ali mwana ankayendayenda m'nkhalango, ndipo tsiku lina anapeza phanga n'kulowamo ndi nyali. Mantha ndi chidwi cha tsiku limenelo ndi zimene anadzaziika mu gemu ya The Legend of Zelda mu 1986, patangopita chaka atatulutsa Super Mario Bros. Satoshi Tajiri, amene anayambitsa gemu ya Pokémon, ankatola tizilombo m'minda ndi m'madambo kunja kwa Tokyo mpaka anzake anamupatsa dzina loti dokotala wa tizilombo. Mindayo itasanduka nyumba ndi misewu, anafuna kuti ana am'tauni alaweko kukoma kwa kusaka ndi kusinthana. Gemuyo inamutengera zaka 6 isanatuluke mu 1996. Mwana amene anathamangitsapo ziwala, kapena kutola ngumbi mvula yoyamba itagwa, nkhani imeneyi amaimva msanga. Mbiri za awiriwa zilipo m'timabuku tating'ono ta Chingerezi tolembera ana asukulu.

Palinso Jerry Lawson, munthu wakuda wa ku New York amene ankakonza ma TV a anthu akadali mnyamata. Ndiye anatsogolera gulu limene linatulutsa Fairchild Channel F mu 1976, makina oyamba osewerera kunyumba amene unkatha kuzula kaseti ya gemu n'kulowetsa ina. Don Tate analemba buku la zithunzi la moyo wake, Jerry Changed the Game!, ndipo ndi labwino kwa mwana amene masamba odzaza zilembo amamuopsa.

Koma buku limene ndimalikonda koposa lilibe gemu m'kati mwake. Ndi la William Kamkwamba wa ku Wimbe, m'boma la Kasungu, The Boy Who Harnessed the Wind, limene analemba ndi Bryan Mealer mu 2009. Funsani lofupikitsidwira ana, la 2015. Njala ya 2001 ndi 2002 itakantha Malawi, William anasiya sukulu ya sekondale chifukwa chosowa fizi. Ankapita ku laibulale yaing'ono ya pa pulayimale, Chingerezi chikumuvuta, n'kumatsatira zithunzi za m'buku la sayansi. Ali ndi zaka 14 anayamba kutolatola zipangizo kudzala la zitsulo ndi kwina, kuti apange makina opangira magetsi oyendera mphepo: fani ya thirakitala, mapaipi apulasitiki amene ankawasungunula n'kuwaphwatalitsa, njinga yakutha ya bambo ake, dayinamo, mitengo ya bulugamu. Anthu ankati wapenga. Babu inayaka.

Mwana wokonda Minecraft, gemu yomangamanga zinthu, akawerenga zimenezi amazindikira nthawi yomweyo, chifukwa ndi zomwe iye amachita pa sikirini: kusonkhanitsa zipangizo, kulumikiza, kuyesa. Kusiyana kwake n'kwakuti uyu anachita ndi zitsulo zenizeni, mimba ili pululu. Ndipo kwa ana athu obadwira ku Mbare, Mabvuku kapena Epworth, amene Chishona ndi Chingerezi zimawatuluka msanga kuposa Chichewa, kuona mawu ena a Chichewa cha agogo awo atasindikizidwa m'buku la Chingerezili si chinthu chaching'ono. Filimu ya nkhani ya William, ya 2019, ili ndi Chichewa chambiri, koma muonetseni atamaliza buku.

Makolo ndikupempheni ziwiri. Mabuku ena a anthu opanga magemu analembera akuluakulu ndipo muli zosayenera mwana, choncho yambani mwasanthula nokha. Chinanso, musasandutse buku kukhala chilango cholandira foni. Mukatero mwaliphera pomwepo. Werengani naye mutu umodzi madzulo, iye akufotokozereni m'Chichewa zimene wamva. Ngati kusukulu kulibe mabukuwa, kafunseni ku Harare City Library, pa msewu umene ambiri amaudziwa kuti Rotten Row.

Mnyamata uja anabweza buku la Kamkwamba patatha masabata atatu, chikuto chitapindika. Foni sanaisiye. Koma mayi ake akuti anakhalitsa pansi agogo ake aamuna kuti amuuze kutalika kwa ulendo wochoka ku Harare kukafika ku Kasungu, ndipo pano akuvutitsa amalume ake kuti akamufunire dayinamo yakale ku msika wa Siyaso ku Mbare.