Musathamangire kugumula khoma la khitchini

Sabata ino ndamvanso mawu omwe aja: "Khitchini yanga ndi yamdima, tigumule khoma ili." Ndatopa nawo. Mukamadula anyezi, babu limakhala kuti? Pakati pa denga, kumbuyo kwanu. Ndiye kuti mdima umene mukudandaula nawowo ndi mthunzi wa mutu wanu womwe. Ikani kamzere ka magetsi a LED kunsi kwa makabati a m'mwamba kuti kuwala kuzigwera pomwe pali mpeni. Sankhani olembedwa 4000K, amene amawala moyera. A 2700K amawala mwachikasu, amayenera kuchipinda chogona.

Penti yoyera imabweza pafupifupi magawo 80 pa 100 a kuwala kumene yalandira, pomwe yakuda imangomeza. Koma tsukani kaye mafuta amene anamata pakhomapo, apo ayi pentiyo isenda ngati khungu la njoka. Furiji imene mwatsekera nayo theka la zenera ija, isuntheni lero. Makabati afike mpaka kudenga, miphika ichoke pathebulo.

Pali mayi wina amene sindimuiwala. Ankakhala m'fulati yapansi m'nyumba yosanja. Ndinamuuza mosapita m'mbali kuti khoma limene ankafuna kuchotsalo lasenza silabu ya pamwamba. Sanakondwe nazo. Anakapeza mmisiri wina wotchipa, amene anangogogoda khomalo ndi chibakera n'kuti, "Ili n'lopanda ntchito ili, mayi." Patatha masabata angapo, m'bafa la anthu a pamwamba munatuluka mng'alu wolowa chala, matayilosi n'kuyamba kugwa okha. Chimene chimandiwawa mpaka pano n'chakuti khitchini ija sinawale n'komwe. Chipinda chimene anachiphatikizacho chinalinso chopanda zenera.

Khoma la m'nyumba yosanja si lanu nokha. Mkati mwake mungadutse mapayipi ndi mawaya a anzanu. Wodziwa ngati lingachoke ndi injiniya amene waona pulani ya nyumba yonse, ndipo mwini nyumba avomereze polemba. Mmisiri amene wafika ndi hamala koma osafunsa pulani, mubwezeni pakhomo pomwepo, ngakhale atakuonetsani zithunzi zokongola bwanji pafoni pake.

Ngati munagumula kale ndipo mukuona mng'alu, kapena chitseko chayamba kukana kutsekeka, musamate pulasitala n'kupentapo. Itanani injiniya sabata yomwe ino, ndipo auzeni anzanu a pamwambawo.