Olbermann sanaphwanye lamulo la boma

Ambiri amaganiza kuti ku America lamulo limaletsa owulutsa nkhani pa kanema kupereka ndalama kwa andale. Ayi ndithu. Keith Olbermann, mtolankhani wa pa kanema, ataimitsidwa ntchito ku kanema wa MSNBC mu Novembala 2010, mlandu wake unali wophwanya lamulo la kampani: anapatsa anthu atatu a chipani cha Democratic madola 2,400 aliyense osapempha chilolezo kwa mabwana. Patangopita masabata awiri, Joe Scarborough, wa ku MSNBC komweko, nayenso anaimitsidwa ntchito chifukwa chopereka ndalama kwa a chipani cha Republican.

Nanga lamulo lokakamiza nyumba zowulutsa kupereka mpata kwa mbali zonse? Limenelo, Fairness Doctrine, bungwe la boma loyang'anira zowulutsa la FCC linalithetsa mu 1987, komanso lamulolo linalembedwera nyumba zowulutsa pamphepo, osati makanema a kebulo ngati MSNBC.