Donald Gibson ndi sukulu zogonjera nthaka ikamatitimira

Donald Gibson, yemwe anabadwa mu 1908, anali mmisiri woyamba kulembedwa ndi khonsolo ya mzinda wa Coventry ku England kuti azijambula mapulani a nyumba za mzindawo. Ndege za Germany zitaphwasula pakati pa mzinda usiku wa pa 14 Novembala 1940, iye ndi amene anajambula mzere wa mashopu woyendamo anthu apansi okhaokha, galimoto ayi. Koma luso lake lenileni linaonekera ku Nottinghamshire, chigawo china cha England, komwe anasamukira mu 1955.

Kumeneko pansi panali migodi ya malasha. Malasha akachotsedwa, nthaka imatitimira pang'onopang'ono, mbali ino lero, mbali inayo mawa, ndipo khoma la njerwa limang'aluka chifukwa silipindika. Ambiri ankalimbana ndi vutoli pothira maziko okhuthala, odya ndalama zambiri. Pomanga sukulu, Gibson ndi anzake anasankha kuti nyumba izigonjera nthaka.

Ankayala mchenga, pamwamba pake n'kuthira konkire yopyapyala, popanda maziko akuya, kuti nthaka ikamasuntha nyumba izitsetsereka m'malo mong'ambika. Mizati inali ya chitsulo chopepuka, yolumikizidwa momasuka kuti izitha kupendekeka pang'ono. Zitsulo zopingasa zinali ndi masipuling'i: mphepo ikawomba zimagwira nji, nthaka ikakoka zimalolera, kenako n'kubwerera m'malo. Kunja ankapachika matailosi osanjikizana ngati mamba a nsomba, lililonse lotha kusuntha palokha. Zonse ankayeza pa muyeso umodzi wa mafiti 3 ndi mainchesi 4, motero zipangizo zinkapangidwa zambirimbiri kufakitale.

Mu 1957 makhonsolo angapo anagwirizana kuti azigula zipangizozi pamodzi mtengo utsike, ndipo mgwirizanowo unatchedwa CLASP. Sukulu yomangidwa motere inalandira mphoto pachionetsero cha ku Milan, mzinda wa ku Italy, mu 1960. Pamenepo n'kuti Gibson atapita kale kukayang'anira zomangamanga za asilikali mu 1958. Anamwalira mu 1991.

Zofooka za nyumba za CLASP n'zosabisika. Madenga afulati amadontha akakalamba, ndipo mizati yambiri inakutidwa ndi asibesitosi, chinthu chotchinga moto chomwe fumbi lake limawononga mapapo. Choopsa kwambiri ndi mpata wa pakati pa siling'i ndi denga: ukapanda kutsekedwa m'zigawo, moto umayenda mobisika. Mu Disembala 1974 moto unadutsa mumpata wotere panyumba yosungira okalamba ku Edwalton, ku Nottinghamshire konko, anthu 18 n'kufa.