RAM yambiri si mankhwala a laputopu iliyonse yochedwa

Anyamata ambiri ku Ulongué ndi ku Moatize amati laputopu ikamachedwa pa magemu, ingowonjezerani RAM basi, zitheka. Nthawi zina zimathekadi, koma ambiri akutaya ndalama pachabe ndi mawu amenewa.

RAM ndi malo amene kompyuta imaikapo zomwe ikugwiritsa ntchito pa nthawiyo. Ikadzaza, Windows imayamba kusungira zina pa hard disk, yomwe ndi yochedwa kwambiri, ndiye gemu imadukaduka. Apa kuchoka pa 4GB kupita pa 8GB kumathandiza zoonekeratu. Koma ngati RAM sikudzaza, kuika 16GB sikuwonjezera liwiro. Zithunzi za gemu zimapangidwa ndi kachipangizo kotchedwa GPU, ndipo pa malaputopu ambiri GPU simungaisinthe.

Chomwe ambiri sachidziwa ndi ichi. Malaputopu otsika mtengo, monga okhala ndi GPU ya Intel UHD, GPU yawo ilibe memory yakeyake, imabwereka RAM. Pa amenewa, ma RAM awiri a 4GB amayendetsa gemu bwino kuposa imodzi ya 8GB, chifukwa deta imadutsa m'njira ziwiri nthawi imodzi.

Musanagule, yatsani gemu, dinani mabatani a Ctrl+Shift+Esc pamodzi kuti mutsegule Task Manager, pulogalamu yosonyeza mmene kompyuta ikugwirira ntchito, muone ngati RAM ikudzaza. Funsaninso ngati RAM yanu ndi ya mtundu wa DDR3 kapena DDR4, chifukwa sizilowana, ndipo RAM ina imabwera yomatiridwa pa bodi, moti simungaichotse.

Kuno ku Tete musaiwalenso kutentha. Mumzinda, mwezi wa Okutobala kumapitirira madigiri 40, fumbi nalo limatseka fani. Purosesa ikatentha kwambiri imadzichepetsera yokha liwiro, ndipo apa chofunika ndi kuyeretsa fani, osati RAM yatsopano.