M'bindikiro wa aluso wa Triangle: zimene ojambula ndi osema amafunsa asananyamule chikwama

Wojambula akauza abale ake kuti waitanidwa ku wekishopu kunja kwa dziko, onse amayamba kuwerengera: satifiketi, alawansi, mwina ndi foni yatsopano. Pakatha milungu iwiri uyo akutulukira, malaya ali penti yekhayekha, m'chikwama muli manambala a anthu a ku India ndi ku Botswana basi. Abale amangoyang'anizana. Munthu wotereyu kawirikawiri amakhala kuti anali ku m'bindikiro wa mtundu wa Triangle, ndondomeko yomwe yakhala ikukumanitsa ojambula ndi osema a mayiko osiyanasiyana kwa zaka zoposa 40.

Kodi Triangle ndi sukulu, bungwe, kapena chiyani?

Si sukulu. Ndi mgwirizano wa magulu a aluso, ndipo gulu lililonse limadziyendetsa lokha kwawo. Zinayamba mu 1982 kumudzi wina m'chigawo cha New York ku America. Anayambitsa ndi anthu awiri a ku Britain: Anthony Caro, mmisiri wotchuka ndi ziboliboli zikuluzikulu zachitsulo chowotcherera, ndi Robert Loder, munthu wokonda kugula ntchito zaluso yemwe anagwirapo ntchito ku South Africa. Dzinali linachokera ku mayiko atatu omwe anatumiza aluso pachiyambi, America, Canada ndi Britain, ngati mafuwa atatu a pamoto. Masiku ano mafuwawo achuluka, afika ku Africa, Asia ndi South America, ndipo ntchito yolumikizitsa maguluwa imachitikira ku Gasworks, malo a aluso omwe anatsegulidwa mu 1994 ku London.

Nanga pamilungu iwiriyo pamachitika zotani?

Aluso pafupifupi 20 kapena 25 amasonkhana pamalo amodzi, makamaka kutali ndi phokoso la m'tauni: pafamu, pamishoni, m'fakitale yomwe inasiya kugwira ntchito. Ena amakhala eni dziko, ena alendo. Amagona komweko, amadyera limodzi, ndipo amagwirira ntchito pamalo amodzi otseguka, pomwe aliyense amaona zomwe mnzake akuchita. Madzulo amasinthana kuonetsa zithunzi za ntchito zawo zakale n'kumakambirana, nthawi zina mpaka kukangana.

Tsiku lomaliza zitseko zimatsegulidwa. Anthu a m'deralo, ana asukulu, atolankhani, onse amabwera kudzaona. Zomwe amapeza si chionetsero chosalala cha m'nyumba yogulitsira zithunzi ayi. Penti ina imakhala isanaume, chosema china chilibe mutu, wina wangomangirira mawaya pamtengo.

Ndamva kuti kulibe mphunzitsi. Ndiye munthu amaphunzira bwanji?

Apa ndiye pagona nkhani yonse. Kulibe mphunzitsi, kulibe mutu woti nonse mujambule, kulibe mayeso. Amene ali ndi digiri ya ku London ndi amene anaphunzira kusema kwa amalume ake amapatsidwa malo ofanana. Palibenso lamulo loti mutsirize chinthu. Chofunika n'choti muyese zomwe simungayerekeze kuyesa kwanu, komwe chithunzi chilichonse chimayenera kugulitsidwa kuti ana adye.

Taganizirani wosema amene wakhala zaka 15 akupanga njovu ndi mipando ya mafumu chifukwa ndi zomwe alendo a kunyanja amagula. Dzanja lake limaidziwa njovu ngakhale atatsinzina. Mumuike pafupi ndi mayi wa ku Pakistan amene akusoka mapepala, kutsidya uko mnyamata wa ku Nairobi akuwotcherera zitini. Tsiku lachitatu wosema uja amayamba kubwereka zida za mnzake, osati poti wina wamulamula, koma poti maso aona. Zili ngati dima: aliyense wabwera ndi khasu lake, koma kagwiridwe ka mnzako umakaona uli pamzere womwewo. Kusiyana kwake n'koti pano aliyense akulima munda wake, ndipo palibe amene angakufunseni kuti mwakolola matumba angati.

Ine ndimaona kuti ichi n'chomwe chapangitsa ndondomekoyi kukhalitsa. Mapulogalamu ambiri osinthana chikhalidwe amakhala a akuluakulu a maofesi: kazembe alankhula, riboni idulidwa, zithunzi zijambulidwa, aliyense kwawo. Pano oitana ndi aluso, oitanidwa ndi aluso, ophika tiyi nthawi zina ndi aluso omwewo.

Zinafika bwanji kuno kummwera kwa Africa?

Zinadzera ku South Africa, panthawi yovuta kwambiri. David Koloane, wojambula wa ku Johannesburg, ndi Bill Ainslie, yemwe ankayendetsa sukulu ya zaluso ya Johannesburg Art Foundation yolandira ophunzira a mitundu yonse, anakakhala nawo ku Triangle ku America. Atabwerako anayambitsa Thupelo mu 1985, chaka chomwe boma la tsankho linalengeza malamulo okhwima a nthawi ya chipwirikiti m'madera ambiri. Thupelo ndi mawu a Chisotho onena za kuphunzitsa poonetsa chitsanzo. Kungosonkhanitsa akuda ndi azungu kuti agone ndi kudya pamalo amodzi kwa milungu iwiri chinali kale chinthu chachikulu m'dziko limenelo.

Kuchokera apo moto unayenda ngati wa lupsa. Ku Zimbabwe kunabadwa Pachipamwe mu 1988, ndipo mmodzi mwa otsogolera anali wosema Tapfuma Gutsa. Ku Botswana kunabwera Thapong mu 1989, yomwe lero ili ndi malo ake okhazikika ku Gaborone. Ku Mozambique kunali Ujamaa, ku Zambia Mbile kenako Insaka, ku Namibia Tulipamwe mu 1994. Mukamvetsera mayinawa mupeza kuti ambiri akunena za kukhala pamodzi. Insaka m'Chibemba ndi kanyumba kosonkhaniramo anthu pamudzi, komwe ife tingati mphala. Njira yake inali yomweyo nthawi zonse: munthu apita ku m'bindikiro wa dziko loyandikana nalo, akondwa nazo, abwerera kwawo n'kuitana anzake.

Pali chisoni m'mbiriyi. Mu 1989 Pachipamwe inachitikira ku Cyrene Mission pafupi ndi Bulawayo, pamalo otchuka ndi tchalitchi chomwe makoma ake anajambulidwa ndi ophunzira a pomwepo. Pobwerera ku South Africa, Bill Ainslie anamwalira pangozi ya galimoto. Wojambula Helen Sebidi, yemwe anali m'galimoto yomweyo, anavulala.

Kukumana kwa aluso a mayiko osiyana sikunayambe ndi Triangle kuno kwathu. Ku Tengenenge, kumpoto kwa Zimbabwe, komwe kusema miyala kunayamba mu 1966 pafamu ya fodya ya Tom Blomefield, ambiri mwa osema oyamba anali antchito ochokera ku Malawi, Mozambique, Zambia ndi Angola, Achewa ndi Ayao ali momwemo. Koma awo anakumanitsidwa ndi umphawi komanso ntchito ya m'mafamu. Chatsopano cha Triangle chinali choti aluso anasankha okha kukumana.

Kodi si njira yongotibweretsera luso la azungu?

Funsoli si lachabe, ndipo linafunsidwa mwaukali m'zaka za m'ma 1980. Ojambula ambiri a ku Thupelo anayamba kupanga zithunzi zikuluzikulu zopanda munthu, nyumba kapena nyama, zongokhala mitundu ndi mizere, monga zomwe zinatchuka ku New York. Otsutsa anati uku n'kutengera za ku America mwakhungu. Ena anati anthu akuphedwa m'misewu ya Soweto, wojambula angataye bwanji nthawi kumwaza penti m'malo mojambula nkhanza za apolisi? Akuluakulu amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, koma otsutsawa ankaona kuti kalumoko kakumeta mwini mudzi mpala asanapemphe.

Koloane sanagonje pankhaniyi. Mfundo yake inali yoti ojambula akuda anali atatsekeredwa kale m'khola lina. Ogula, omwe ambiri anali azungu, ankafuna tizithunzi ta moyo wa m'malokeshoni: mayi wasenza mtolo, mnyamata akuimba chitoliro. Komanso munthu wokhala m'kanyumba ka zipinda zinayi ndi banja lonse alibe poyala nsalu yaikulu yojambulapo, alibe ndalama zoti penti aziithira mosaumira. Ku Thupelo anapeza malo, anapeza penti, anapeza ufulu wolakwitsa. Bwanji mzungu akajambula mizere amatchedwa katswiri, koma wakuda akatero amatchedwa wokopera?

Ine ndili kumbali ya Koloane, ngakhale otsutsa anali ndi kachoonadi kawo: zaka zoyambirira alendo a kumpoto ndi omwe mawu awo ankalemera. Chomwe chinathetsa mkanganowu ndi nthawi. Mibindikiro itafalikira, wa ku Lusaka anayamba kukumana ndi wa ku Delhi popanda kudzera ku London. Khoj ya ku India, yomwe inayamba mu 1997, ndi Kuona Trust ya ku Nairobi, ya mu 1995, zinatenga njira zawozawo, ndipo palibe anganene kuti zomwe zimatuluka kumeneko ndi za New York.

Kuli alawansi?

Ayi, musawerengere zimenezo. Okonza kawirikawiri amapereka pogona, chakudya ndi zipangizo zina. Tikiti ya ulendo nthawi zambiri mumaifunafuna nokha, pokhapokha kalata yokuitanani itanena kuti alipira. Pazaka zapitazi ndalama zoyendetsera zakhala zikuchokera kwa othandiza monga British Council, Ford Foundation ndi Prince Claus Fund ya ku Netherlands, kuphatikizapo amalonda a m'deralo omwe amapereka penti, matabwa kapena chakudya. Thandizo lotere limabwera n'kupita, n'chifukwa chake mibindikiro ina inachitika zaka zingapo n'kuzilala. Pa maulendo a m'kati mwa Africa muno, bungwe la Art Moves Africa linakhazikitsidwa kuti lizithandiza aluso pa mtengo wa ulendo.

Amasankha bwanji anthu, ndipo ndikonzekere chiyani?

Kale ambiri ankalowa poitanidwa ndi omwe anawaona akugwira ntchito kwina. Masiku ano magulu ambiri amalengeza pa intaneti kuti ofuna alembe. Amapempha zithunzi za ntchito zanu, mbiri yanu mwachidule, ndi kalata yofotokoza zomwe mumapanga ndi chifukwa chomwe mukufunira kubwera.

Pogwera ambiri ndi pa zithunzi. Ntchito yabwino yojambulidwa usiku ndi foni, ili pampando wa maluwamaluwa, mphaka akudutsa kumbuyo, imaoneka ngati yachabe. Itulutseni panja m'mawa, pamthunzi, kukhoma loyera. Lembani dzina lake, chaka, kukula kwake ndi zomwe munapangira. Kalatayo musadzaze mawu akuluakulu a Chingerezi omwe mwabwereka. Osankhawo ndi aluso anzanu, amadziwa fungo la mawu obwereka. Ndipo musatumize zomwe zimagulidwa kwambiri zokhazokha. Tumizaninso chija munachibisa kuseri kwa kabati poopa kuti anthu akusekani.

Zipangizo musanyamule zambiri. Tengani zida zanu za pamanja zomwe munazolowera, zinazo mukapeza komweko, poti kugwira dothi, mtengo kapena zitsulo za kwa eni ndi mbali ya ulendowo.

Zikusiyana bwanji ndi zomwe amati residency?

M'bindikiro ndi wa milungu iwiri, anthu ambiri, chipwirikiti chokoma. Residency ndi ya munthu mmodzi kapena ochepa, amene amapatsidwa situdiyo kwa nthawi yotalikirapo, mwina miyezi itatu, pakati pa aluso okhazikika pamalopo. Malo oterewa anabadwa chifukwa anthu ankadandaula kuti milungu iwiri ikatha amabwerera kukajambulira pabondo. Mu 1991 Koloane ndi Loder anatsegula Bag Factory ku Fordsburg mu Johannesburg, m'nyumba yomwe kale munkasokedwa matumba. Ojambula monga Sam Nhlengethwa ndi Pat Mautloa agwirira ntchito mmenemo zaka zambiri. Ku Cape Town kuli Greatmore Studios.

Kusiyanaku kumakhudzanso mapepala a ulendo. Wa pasipoti ya Malawi amalowa ku South Africa popanda viza ngati mlendo wa masiku 30, omwe ndi okwanira m'bindikiro koma osakwanira miyezi itatu. Ku Britain viza ndi yofunika ngakhale mutapita masiku ochepa, ndipo imafuna kalata yokuitanani komanso nthawi, choncho yambani msanga.

Chingerezi changa n'chothyokathyoka. Ndipite?

Pitani. Mudzapeza wa ku Mozambique wolankhula Chipwitikizi chokha, ndipo pofika mlungu wachiwiri mudzakhala mukubwerekana sompho.

Zomwe ndapanga kumeneko zimakhala za yani?

Ntchito ndi ya amene waipanga. Koma gulu lililonse lili ndi kachitidwe kake: ena amapempha kuti musiyeko chimodzi, ena amalola kugulitsa patsiku lomaliza n'kutengapo gawo. Funsani musananyamuke, ndipo yankho likhale lolembedwa. Ganiziraninso za kanyamulidwe. Nsalu imapindika n'kulowa m'chubu, koma mwala wa makilogalamu 80 sukwera basi mwaulere, ndipo zosema zambiri zimatsala komwe zinabadwira pachifukwa chimenechi.

Kodi ife tingayambitse wathu?

Umo ndi mmene ena onse anayambira. Pamafunika kagulu ka aluso anayi kapena asanu ogwirizana, malo okhala ndi madzi, pogona ndi denga lalikulu (sukulu yogonera panthawi ya tchuthi imakwanira), munthu mmodzi wodziwa kusunga malisiti, ndi alendo ochepa oyambira. Musayambe ndi a kutsidya kwa nyanja ofuna matikiti a ndege. Kuchokera ku Lilongwe, Chipata ili pafupi kuposa Blantyre, ndipo wa ku Tete kapena ku Harare amafika pabasi. Sankhani miyezi ya chilimwe kuti penti iume ndipo osema agwirire panja, ndipo mfumu ya deralo muiuze nthawi ikadalipo, poti tsiku lomaliza anthu ake ndi amene adzadzaze bwalo.